Njinga ya chagada: msana ukondwa, nanga chikweza?

Aliyense amene anapalasapo njinga ulendo wautali amadziwa kuti chimene chimayamba kudandaula si miyendo. Miyendo imatopa mwaulemu, pang'onopang'ono, ndipo ukapumako imabwereramo. Chimene chimakutsitsa panjinga ndi chishalo. Pakatha maola awiri kapena atatu umayamba kusunthasuntha kufunafuna mbali ya thako imene sinayambe kuwawa. Zikhatho zimachita dzanzi poti thupi lakhala likuyedzamira pa mahandulo. Khosi limauma chifukwa msana waweramira kutsogolo koma maso ayenera kuyang'anabe msewu. Anthu ambiri amene amagula njinga yopalasa chagada, ija m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America amaitcha recumbent, amaigula chifukwa chotopa ndi ululu umenewu.

Pa njingayi palibe kachishalo. Wokwera amakhala pampando wokhala ndi motsamira msana, ngati wa ndalema, miyendo ataitambasulira kutsogolo kumene kuli mapedulo. Mahandulo amakhala pamwamba pa mawondo, kapena pansi m'mbali mwa mpando pamene manja amagwera okha. Tcheni chimachokera kutsogoloko n'kudutsa kunsi kwa mpando mpaka kukafika ku tayala lakumbuyo. Zilipo zazitali, zimene tayala lakutsogolo lili patsogolo pa mapedulo, ndipo zilipo zazifupi, zimene mapazi amapitirira tayalalo. Zina mpando wake uli pafupi zedi ndi pansi, zina uli m'mwamba pakati pa matayala awiri akuluakulu. Palinso za matayala atatu, zimene nkhani yake ndi ina.

Pa nkhani ya thupi, ochemerera njingayi sanama. Kulemera kwa munthu kumamwazika pa msana ndi matako onse m'malo mothera pa kachikopa kosakwana n'chikhatho chomwe. Mitsempha ya pakati pa miyendo siipanikizika, choncho dzanzi lija limene amuna ambiri opalasa maulendo ataliatali amalimva m'malo obisika, koma salankhulapo, silibwera. Manja ntchito yake imangokhala kuwongolera ndi kugwira mabuleki. Mutu umakhala woongoka, ndipo chimene chili patsogolo pa maso ndi mitengo, mapiri ndi thambo, osati phula ndi tayala lakutsogolo. Munthu amene mkono unathyokapo, amene khosi limamuvuta, kapena amene madokotala anamuchita opaleshoni kunsi kwa mimba, amatha kubwereranso pamsewu ndi njinga yotere pamene anali atataya kale mtima. Zimenezi si zazing'ono, ndipo amene sanamvepo ululu wa chishalo asafulumire kuseka.

Komabe mpandowo uli ndi zake. Msana umachita thukuta chifukwa mphepo siufika, ngakhale mipando ya ukonde imachepetsako vutoli. Ena mapazi amawachita dzanzi poti akhala m'mwamba nthawi yaitali. Ena matako amawawabe ngati mpandowo waimikidwa kwambiri, chifukwa minofu imene akuikhalira ndi yomweyo imene ikugwira ntchito. Mvula ikagwa imakumenya kumaso n'kudikha pamimba. Za m'thumba la buluku, makiyi ndi foni, zimathothoka zokha n'kutsala mumsewu. Ndipo si msana uliwonse umene umakondwa ndi kutsamira. Wodwala msana ayambe wafunsa dokotala wake, osati wogulitsa njinga.

Ubwino wachiwiri ndi liwiro, ndipo apa pali mbiri imene eni njingazi satopa kuifotokoza. Munthu akamapalasa pamalo athyathyathya mothamanga ndithu, mphamvu zake zambiri zimathera pokankha mpweya. Mpweya ndi wouma mtima: kuti uwirikize liwiro kawiri, mphamvu yolimbana nawo iyenera kuwirikiza kasanu n'katatu. Wopalasa chagada amaonetsa kampando ndi mapazi kumphepo, pamene mnzake akuonetsa chifuwa chonse. Charles Mochet wa ku France, amene ankapanga timagalimoto topalasa totchedwa Vélocar, anazindikira zimenezi n'kupanga ya matayala awiri. Anaipereka kwa Francis Faure, wopalasa amene sankawerengeredwa m'gulu la akatswiri enieni. Pa 7 Julaye 1933, mumzinda wa Paris, Faure anapalasa makilomita 45.055 mu ola limodzi, kupitirira makilomita 44.247 amene Oscar Egg anapalasa mu 1914 ndipo palibe amene anali atawaposa kwa zaka pafupifupi 20. Mu 1934 bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, la Union Cycliste Internationale, linakhazikitsa miyezo ya chimene chiyenera kutchedwa njinga, ndipo ya Mochet inatsala kunja kwa miyezoyo. Ulemu wa ola limodzi unapita kwa Maurice Richard, amene anapalasa makilomita 44.777 pa njinga wamba chaka chomwecho cha 1933.

Okonda njinga ya chagada amati apa panali kaduka, ndiponso kuti opanga njinga wamba ankaopa kutaya msika. Mbali inayo ili ndi mfundo yake yomveka: mpikisano uziyesa anthu, osati makina, ndipo ngati wopalasa wapakatikati angagonjetse akatswiri chifukwa cha felemu, ndiye kuti chimene chikupikisana si miyendonso. Ine ndimaona kuti mbali zonse zili n'choonadi chake. Koma chofunika kwa wogula wa lero ndi chimene chinatsatira. Mafakitale akuluakulu amapanga chimene akatswiri akukwera pa Tour de France, chifukwa ndicho achinyamata amasirira. Njinga ya chagada inakankhidwira m'timashopu ting'onoting'ono ndipo mpaka lero sinatulukemo kwenikweni. Mtengo wake wokwera unayambira pamenepo.

Inadzukanso m'zaka za m'ma 1970 ku America. Mu 1976 kunakhazikitsidwa bungwe la International Human Powered Vehicle Association lolola makina aliwonse oyenda ndi mphamvu ya munthu, ndipo pulofesa David Gordon Wilson wa ku yunivesite ya MIT anathandiza kupanga njinga yotchedwa Avatar 2000, imene ambiri anatengerapo nzeru. Masiku ano opikisana amakumana ku Battle Mountain, m'chigawo cha Nevada, pamsewu woongoka ndi wathyathyathya. Kumeneko mu 2016 Todd Reichert wa ku Canada anafika makilomita 144.17 pa ola pa njinga yotchedwa Eta. Ogulitsa amakonda kutchula nambala imeneyi, ndiye ndi bwino kudziwa chimene ili. Reichert anali atatsekeredwa m'chigoba chosalala, akuona msewu kudzera pa kamera, atathamangira makilomita pafupifupi 8 kuti ayezedwe pa mamita 200 okha. Zimenezi sizikukhudzana ndi njinga imene inu mungapite nayo kumsika. Umboni woyandikirako moyo weniweni ndi wa Maria Parker, amene mu 2013, ali ndi zaka 50, anakhala woyamba mwa amayi pa mpikisano wa Race Across America, wa makilomita pafupifupi 4,800, atakwera njinga ya chagada ya Cruzbike. Pa ulendo wotero kusawawa kwa thupi kumasanduka liwiro, chifukwa amene sakumva ululu satsikatsika. Ngakhale zili choncho, si zonse zimene zimathamanga. Yampando woimirira, yamahandulo otambalala, yolemera, siiposa njinga yabwino yampikisano.

Tsono tifike pa chikweza, pamene nkhani yonse imatembenuka.

Pa njinga wamba, phiri likakula umanyamuka pachishalo n'kuponda pedulo ndi kulemera kwa thupi lonse, njinga ukuipendeketsa uku ndi uku. Pa ya chagada palibe kuimirira. Umakhala pomwepo, minofu yomweyo ikugwira ntchito kuyambira patsinde mpaka pamwamba. Njingayo ndi yolemeranso: zambiri zapaulendo zimaposa makilogalamu 13, zina n'kufika 18, pamene yampikisano yamakono siitalikira makilogalamu 7 kapena 8. Liwiro likatsika kufika pa la munthu woyenda ndawala, imayamba kupendapenda, chifukwa thupi lomatirira kumpando silingathandize kuichirikiza. Ukaima pakati pa chikweza, kuyambanso ndi chintchito: phazi limodzi liyenera kukankha mwamphamvu kamodzi, linalo n'kuchoka pansi kukwera mpaka pa pedulo imene ili m'mwamba, njinga isanagwe.

Eni ake amayankha kuti msana uli ndi potsamira, choncho ukhoza kukankha mwamphamvu kuposa kulemera kwako. N'zoona, koma mawondo ambiri aonongekera pomwepo. Njira yabwino ndi kutsitsa giya n'kumazunguza miyendo mofulumira. Amanenanso kuti minofu imazolowera pakapita milungu kapena miyezi, ndipo amene akudandaula ndi amene anayesa tsiku limodzi. Izinso n'zoona. Kenako amati ukaipa dziwa nyimbo: chimene njingayi yataya pokwera imabweza potsika, pakuti pamtsetse imauluka. Apa ndiye masamu sakuwavomereza. Tiyerekeze chikweza cha makilomita 5. Mnzanu wa njinga wamba akukwera pa makilomita 10 pa ola, zimutengera mphindi 30. Inu mukukwera pa 8, zikutengerani mphindi 37 ndi theka. Potsika iye akuyenda pa 40, mphindi 7 ndi theka, inu pa 50, mphindi 6. Mwataya mphindi 7 ndi theka, mwabweza imodzi ndi theka. Nthawi yambiri ya ulendo wa m'mapiri imathera pokwera, ndiye amene amachedwa pokwera wachedwa basi. Chimene chasinthako zinthu posachedwapa ndi mota yamagetsi, imene ku Ulaya imaloledwa kuthandiza wopalasa mpaka makilomita 25 pa ola. Motayo imafafaniza vuto la chikweza, koma imawonjezera kulemera, batire yofuna kutchaja, ndi ndalama zinanso zambiri.

Chifukwa cha vuto la chikwezali, njingazi zimapezeka kwambiri ku Netherlands ndi kumpoto kwa Germany, kumene dziko ndi lathyathyathya, mdani wamkulu ndi mphepo, ndipo njinga zili ndi misewu yakeyake. Koma taonani: ngakhale ku Netherlands komweko, unyinji wa anthu umakwerabe njinga yoimirira. Maulendo awo ambiri ndi aafupi, a m'tauni, oimaima pa maloboti, mwana ali pakampando kumbuyo. Pa ulendo wa mphindi 15 chishalo sichinayambe kuwawa, ndiye mpando wotsamira ulibe chimene ukuchiza.

Za ngozi anthu amakangana kwambiri, ndipo mbali zonse zimalankhula motsimikiza kuposa mmene ziyenera. Woona koyamba amafunsa kuti, “Kodi agalimoto amakuonani?” Eni njingazi amayankha kuti amaonedwa kuposa kale, chifukwa chinthu chachilendo chimakopa maso, ndipo madalaivala amawalambalala patali. Pamsewu wotseguka, galimoto ikubwera kumbuyo, ndikukhulupirira kuti n'zoona. Vuto lili pa mphambano ndi pakati pa magalimoto oima. Mutu wa wopalasa njinga wamba umaonekera pamwamba pa denga la galimoto, ndipo iyenso amaona patali. Wa chagada, makamaka pa zotsika zija, amabisika kuseri kwa boneti, ndipo dalaivala wa lole ali m'mwambamo sangamuone n'komwe. Kambendera kapandodo kamathandiza, koma sikathetsa zonse. Potulukira pamphambano, mapazi ndi amene amayamba kulowa mumsewu maso asanaone chimene chikubwera. Kucheuka n'kovuta poti mapewa atsamira, choncho kagalasi koonera kumbuyo n'kofunika ngati mabuleki.

Pogwa, mwayi uli kwa wa chagada. Kawirikawiri sagubuduka chamutu kudutsa pamwamba pa mahandulo akamanga buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, amagwera pafupi, ndipo chimene chimayamba kugunda ndi mapazi kapena chiuno, osati nkhope. Koma tayala likaterereka pamchenga, amapezeka ali pansi asanadziwe chimene chachitika. Dzenje nalo salizemba ponyamuka pachishalo kuti mawondo amwe kugwedezekako: msana umalandira zonse, pokhapokha njingayo ili ndi masipuling'i. Ndipo galu wolusa amene kwa ena amathamangira akakolo, kwa uyu amafika chapankhope.

Pa mtengo palibe chokambirana chambiri. Makampani ake ndi aang'ono: HP Velotechnik ndi Hase ku Germany, AZUB ku Czech Republic, ICE ku Falmouth m'dera la Cornwall, Catrike ndi Bacchetta ku America. Amapanga zochepa, zambiri ndi manja, ndipo si zachilendo kuona yatsopano ikupitirira mayuro 2,000 kapena 3,000. Ndalama zomwezo zikhoza kugula njinga wamba yapamwamba zedi, kapena ziwiri zabwino. Magiya ndi mabuleki ndi ofanana ndi a njinga zina, makaniko aliyense akhoza kukonza. Koma mpando, chitsulo chonyamula mapedulo, timawilo toyendetsa tcheni ndi ndodo zowongolera n'za kampani yomweyo basi. Tcheni chake ndi matcheni wamba awiri ndi theka kapena atatu olumikiza. Zambiri zili ndi tayala laling'ono kutsogolo ndi lalikulu kumbuyo, ndiye paulendo unyamule machubu a mitundu iwiri. Pali ndi kamsampha kena: matayala otchedwa a mainchesi 20 alipo a mitundu iwiri, a mamilimita 406 ndi a 451, ndipo limodzi sililowa pa limu ya linzake.

Nanga ikagona kuti? Zazitali zija zimafika mamita awiri. Sizikwana pa zokolekera za m'sitima, sizikhala bwino pa zonyamulira za kumbuyo kwa galimoto, ndipo wokhala m'nyumba zosanjikizana za ku Leeds kapena Johannesburg aganizire za masitepe asanatulutse ndalama.

Kwathu kuno funsoli lili ndi yankho lofulumira kwa anthu ambiri. Njinga yathu ndi ya katundu. Imanyamula matumba a chimanga ndi makala, imanyamula munthu pa kabaza, ndipo ya Buffalo kaliyala wake anapangidwira makilogalamu 100. Chikweza chikakula mwini wake amatsika n'kukankha, zimene pa njinga yamahandulo a pansi pa mpando n'zosautsa. Msewu wopanda malo apambali, wokhala ndi maenje ndi mathiraki, suyenera munthu wokhala pansi chotero, ndipo kawilo ka tcheni kakathyoka ku Salima palibe shopu imene ingakhale nako. Wofuna yoyendera Loweruka m'mbali mwa nyanja akhoza kusangalala nayo. Woganiza zokwera nayo ku Ku Chawe awerengenso masamu aja.

Pamene ndimaona kuti ndalamazo sizipita pachabe ndi pa ya matayala atatu. Zilipo zokhala ndi matayala awiri kutsogolo, monga za ICE ndi Catrike, ndi zokhala ndi awiri kumbuyo, monga Kettwiesel ya Hase, imene mpando wake ndi wokwererapo moti kukhala ndi kudzuka sikuvuta. Njinga yotere siifuna kuichirikiza. Munthu amene anadwalapo sitiroko, amene ali ndi matenda a Parkinson, kapena wachikulire amene akuopa kugwa chifukwa mafupa sachiranso msanga, akhoza kupalasanso yekha osadalira womugwira. Vuto la kupendapenda pachikweza limatheratu: ukhoza kukwera pang'onopang'ono mmene ungafunire, n'kumanga buleki pakati pa phiri, kumwa madzi uli chikhalire, n'kuyambanso. Kwa munthu wotero kuyerekeza ndi njinga wamba kulibe tanthauzo, chifukwa njinga wambayo anaisiya kale. Akuyerekeza ndi kukhala pakhonde.

Ngakhale iyi ili ndi zoyenera kudziwiratu. Ndi yotambalala, pafupifupi masentimita 80, choncho zipata zina ndi tinjira topapatiza zimaikana. Matayala ake amayenda m'mizere itatu, ndiye dzenje limene tayala lina lazemba, linzake limagweramo. Ukakhota mothamanga tayala lamkati limanyamuka ndipo ikhoza kugudubuka. Phazi likapulumuka pa pedulo uli paliwiro, limakokedwera kunsi kwa felemu, ngozi imene yathyolapo anthu miyendo. N'chifukwa chake odziwa amavala nsapato zomangirira ku mapedulo kapena kuika zogwira chidendene. Ndiyonso yolemera ndi yodula kuposa zonse, ngakhale zina zimapindika kuti zilowe m'galimoto.

Kwa wathanzi amene akungomva kuwawa kwa chishalo, ndingati ayambe wayesa zotchipa. Ululu wambiri wa pa njinga wamba umachokera ku felemu yosalingana ndi msinkhu, chishalo chokwera kapena chotsika kwambiri, ndi mahandulo otalikira. Kusintha zimenezi sikudya ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa njinga ya chagada. Ngati zonsezo zayesedwa koma ululu ulipobe, ndipo maulendo anu ndi aatali, a m'chidikha, a kunja kwa tauni, pamenepo mwapeza chifukwa chenicheni. Kusirira liwiro la ku Battle Mountain si chifukwa. Muganizirenso za anzanu opalasa nawo: pachikweza adzakusiyani, pamtsetse mudzawasiya, ndipo wokutsatirani sapeza pobisalira mphepo kumbuyo kwanu. Konse kumene mungaime anthu adzakuzungulirani ndi mafunso, zimene ena amazikonda pamene ena zimawatopetsa.

Musagule musanakwere, koma musakhulupirirenso mphindi khumi zoyamba. Ya matayala awiri imachititsa mantha poyamba chifukwa manja amagwira mahandulo mwamphamvu, njinga n'kumagwedezeka. Mapewa akamasuka imakhazikika. Ya matayala atatu imanamiza mosiyana: pabwalo la shopu imakoma kwambiri moti umaiwala kuti sunakumane ndi phiri kapena lole. Ngati n'kotheka mubwereke kapena muchite hayala kwa tsiku lathunthu, muiyese pa msewu umene mudzayendemo. Muyezo wake satengera kutalika kwa munthu ataimirira. Mumakhala pansi, msana utatsamira khoma, n'kuyeza kuchokera kukhomako mpaka kuchidendene. Pa zambiri, kutalikitsa kapena kufupikitsa chitsulo cha mapedulo kumafuna kusinthanso kutalika kwa tcheni, choncho si njinga yobwerekana m'banja mwachisawawa.

Msika wa zogwiritsidwapo kale ntchito ndi waung'ono, ndipo zimenezi zimakomera wogula n'kupweteka wogulitsa. Ambiri amene anagula mwachidwi n'kulephera kuzolowera amazigulitsa zisanayende n'komwe, pamtengo wotsika ndithu, ndiye yoyamba ndi bwino ikhale yotero. Poiyendera muyang'anitsitse pamene chitsulo cha mapedulo chimamangidwira ndi pamene mpando umalumikizana ndi felemu, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Mufunsenso ngati kampani imene inaipanga ikadalipo ndipo ikugulitsabe zipangizo za mtundu umenewo, pakuti angapo mwa makampani ang'onoang'onowa anatseka kale.